Nyimbo ndinagula ndekha, nanga zikukaniranji kulira?

Funso: Pakati pa 2006 ndi 2008 ndinkagula nyimbo m'masitolo a pa intaneti, imodziimodzi, mpaka zinakwana mazana angapo. Ndinazisunga bwinobwino mu hard drive. Mwezi watha ndinazikopera mu foni yatsopano ndi pa fulashi ya m'galimoto, koma pafupifupi theka zikukana kulira. Ndikaziyesa pa kompyuta, zina zikufunsa pasiwedi ya akaunti, zina zikungoti layisensi sikupezeka. Mwana wanganso anali ndi nyimbo zambiri zimene anatsitsa mu pulogalamu yolipira pamwezi, koma atasiya kulipira zonse zinazima. Kodi chinthu chimene munthu wagula ndi ndalama zake angamuletse bwanji kuchigwiritsa ntchito? Nanga zimene zikulirazi, ndingathe kumugawira mwanayu kapena kuzigulitsa?

Yankho: Bambo, choyamba musafufute kanthu. Mafayilo anuwo sanawonongeke ayi. Nyimbo zilimo zonse, kungoti zina ndi zokhoma, ndipo tsiku lija munkalipira, kiyi sanakupatseni m'manja. Anatsala kwa mwini sitolo.

Kuti tidziwe kuti loko wake ndi wamtundu wanji, tsegulani foda ya nyimbozo pa kompyuta muyang'ane zilembo zitatu zakumapeto kwa dzina la fayilo, zija zimabwera pambuyo pa kadontho. Windows imakonda kuzibisa, ndiye mwina mufunika kuiuza kuti izionetse. Zimene zikuthera ndi mp3 kapena m4a ndikukhulupirira kuti ndi zomwe zikulira popanda vuto. Zothera ndi m4p zinachokera ku iTunes ya Apple, ndipo ndi zomwe zikufunsa pasiwedizo. Zothera ndi wma n'kumadandaula za layisensi zinagulidwa ku sitolo ina mwa amene ankagwiritsa ntchito loko wa Microsoft. Za m4p mankhwala ake alipo. Za wma zija matenda ake ndi aakulu, ndifikako.

Lokoyu amamutcha DRM, chidule cha Digital Rights Management. Dzinalo likukamba za ufulu, koma ufulu wake ndi wa mwini nyimbo, osati wa inu wogula. Sitolo isanakupatseni nyimbo imayamba yaisokoneza kaye ndi masamu, moti chipangizo chikaitsegula chimangoona chipwirikiti cha manambala. Kuti imveke pamafunika kiyi woisanjanso m'malo mwake. Kiyiyo anamangiriridwa ku akaunti yanu ndipo amakhala pa seva, kompyuta yaikulu ya kampaniyo imene mumaifikira kudzera pa intaneti. Mukalemba pasiwedi, kompyuta yanu imakadzionetsa kwa seva, seva imailemba pa mndandanda wa makompyuta anu ovomerezeka, kenako imaitumizira kiyi, ndipo pulogalamu imamubisa pamalo poti inu simungamufike. Fayiloyo mungaikope kakhumi kaya kazana, palibe angakugwireni dzanja. Koma wailesi ya m'galimoto sidziwa kulankhula ndi seva iliyonse, ndiye ikakumana ndi fayilo yotero imangoidumpha, mwina n'kulemba kuti siyowerengeka.

Zinayamba ndi mantha. Mu 1999 kunabwera Napster, pulogalamu imene inkalola anthu mamiliyoni kupatsana nyimbo za mp3 kwaulere. Makhothi a ku America anaitseketsa mu 2001, koma makampani akuluakulu ojambula nyimbo anali ataona kale zimene intaneti ingachite. Ndiye Apple itafuna kutsegula sitolo yake ya iTunes, iwo anati nyimbo zathu tikupatsani pokhapokha zikhale zokhoma. Sitoloyo inatsegulidwa pa 28 April 2003 ili ndi nyimbo 200,000, iliyonse pa masenti 99 a ku America, ndipo sabata yoyamba yokha inagulitsa nyimbo miliyoni imodzi. Loko wake ankatchedwa FairPlay.

Malire anali olembedwa poyera, ngakhale ambirife tinkangodina batani lovomera osawerenga ndi mzere umodzi womwe. Nyimbo inkaloledwa kulira pa makompyuta atatu. Mndandanda umodzi wa nyimbo munkatha kuuwotcha, kutanthauza kuujambula, pa CD kakhumi. Pa iPod, kachipangizo ka Apple komvetsera nyimbo, panalibe malire, koma inkayenera kukhala iPod, osati kachipangizo ka kampani ina. Chaka chotsatira, mu 2004, makompyuta anakwera kufika asanu, pamene kuwotcha kunatsika kufika kasanu ndi kawiri. Ena anakondwa, ena anang'ung'udza, koma mfundo imene ine ndimaona kuti ndi yaikulu pamenepa ndi yakuti malamulo anasinthira pa nyimbo zimene anthu anali atalipira kale. Mukagula chimbale cha m'manja n'kupita nacho kunyumba, wogulitsa sangabwere chaka chamawa kudzakuuzani kuti tsopano muzichiliza m'chipinda chimodzi chokha. Ndi loko wotereyu angathe, chifukwa m'chikalata chija munavomera kuti chimene mukulipirira ndi chilolezo chomvera nyimboyo motsatira malamulo awo. Batani linkati gulani, chikalata chinkati layisensi.

Mbali ya Microsoft ndiye kunali zoseketsa, kwa amene sanatayepo ndalama. Mu 2004 kampaniyo inabweretsa chizindikiro chotchedwa PlaysForSure, dzina lotanthauza kuti ilira ndithu. Masitolo ambiri ndi opanga tizipangizo tomvetsera nyimbo analowamo, kuti nyimbo yogulidwa kumodzi izilira ponseponse pamene pali chizindikirocho. Patangopita zaka ziwiri, mu 2006, Microsoft yomweyo inatulutsa kachipangizo kake kotchedwa Zune, ndipo nyimbo zokhoma za PlaysForSure zinkakana kuliramo.

Chaka chimene ogula anadziwira kuti kiyi ali kwa eni ndi 2008. MSN Music, sitolo ya Microsoft imene inali itasiya kale kugulitsa mu 2006, inalengeza kuti pa 31 August izimitsa maseva opereka makiyi. Anthu atakwiya, inasunthira tsikulo kumapeto kwa 2011. Yahoo nayo inati izimitsa ake pa 30 September, ndipo phokoso litakula inalonjeza makuponi kapena kubweza ndalama. Walmart inatchula 9 October, kenako inabweza mawu ake. Tangoganizani tanthauzo lake: nyimbo zikanapitiriza kulira pa kompyuta imene inali ndi kiyi kale, koma tsiku limene kompyutayo yafa, kapena mwaikamo Windows mwatsopano, palibenso wopempha kiyi wina. Ndipo malangizo amene makampaniwo ankapereka kwa makasitomala awo anali akuti wotchani nyimbozo pa CD nthawi isanathe. Kunena kwina, iwo eni ankauza anthu njira yozembera loko wawo. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Mwina mukufunsa kuti nanga lokoyu anathandizako kuletsa akuba? Ine ndimati ayi, ndipo si ine ndekha. Mu February 2007 Steve Jobs, amene anali mkulu wa Apple panthawiyo, analemba kalata yapoyera yopempha makampani a nyimbo kuti asiye DRM. Mfundo yake inali ya masamu wamba: m'chaka cha 2006 nyimbo zokhoma zimene zinagulitsidwa pa intaneti sizinakwane 2 biliyoni, pamene makampani omwewo anagulitsa nyimbo zoposa 20 biliyoni pa ma CD opanda loko, amene aliyense akanatha kuwakopera pa kompyuta. Kukhoma zenera chitseko chili pululu. Wokuba ankapeza mp3 yolira paliponse, wolipira ndiye ankavutika ndi mapasiwedi. Sikuti Jobs analemba zimenezi chifukwa cha chifundo chokha: mwezi wapitawo woyang'anira ufulu wa ogula ku Norway anali atanena kuti kumangirira nyimbo za iTunes ku iPod n'kosemphana ndi malamulo a dzikolo, ndipo mabungwe a ogula m'mayiko ena a ku Ulaya anali kumbuyo kwake. Komanso lokoyo anali atathandiza Apple kwambiri, chifukwa munthu amene wagula nyimbo mazana zolira pa iPod yokha sangasamuke msanga. Makampani a nyimbo anazindikira mochedwa kuti loko amene anaumirira uja wanenepetsa sitolo imodzi mpaka yayamba kuwalamula mitengo.

Ndipatuke pang'ono, chifukwa kukhoma ma CD anayesanso. Mu 2005 kampani yojambula nyimbo ya Sony BMG inagulitsa ma CD amene ukawaika mu kompyuta ya Windows ankalowetsamo mwakachetechete pulogalamu yobisala yoletsa kukopa. Katswiri wina, Mark Russinovich, anaitulukira kumapeto kwa October chaka chimenecho, ndipo zinadziwika kuti inkatsegulira mpata mavairasi. Ma CD anabwezedwa, milandu inatsegulidwa, ndipo dzina la DRM linanunkha kuyambira pamenepo.

Zitatero zinthu zinathamanga. EMI, imodzi mwa makampani akuluakulu ojambula nyimbo, inavomera mu April 2007 kugulitsa nyimbo zosakhoma pa iTunes, poyamba pa $1.29. Amazon inatsegula sitolo ya mp3 zosakhoma mu September chaka chomwecho, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2008 makampani onse anayi akuluakulu anali atalowamo. Mu January 2009 Apple inalengeza kuti ikuchotsa loko pa nyimbo zonse za m'sitolo yake. Ndiye inu, bambo, munagula m'zaka zenizeni zosinthira, n'chifukwa chake foda yanu ndi yosakanikirana choncho. Koma kuchotsa loko m'sitolo sikunamasule mafayilo amene anali kale m'makompyuta a anthu. Ofuna kusinthitsa panthawiyo ankawonjezera masenti 30 pa nyimbo iliyonse.

Tsopano za m4p zanuzo. Chofunika kwambiri kuposa china chilichonse ndi akaunti imene munagulira, imelo yake ndi pasiwedi. Ngati munaiwala, yambani ndi kuibwezeretsa, chifukwa popanda iyo palibe chingatheke. Mukalowa mu iTunes, kapena mu pulogalamu ya Apple Music imene inalowa m'malo mwake pa makompyuta atsopano, pitani pa Account, kenako Authorizations, muvomereze kompyutayo. Ikakuuzani kuti makompyuta asanu anakwana kale, musadabwe: makompyuta amene anafa kalekale amawerengedwabe ngati simunawachotse. Pa tsamba la akaunti pali batani lochotsa onse nthawi imodzi, ndipo limaloledwa kamodzi pachaka. Mukatero nyimbo ziyamba kulira pa kompyutapo.

Kuti zilire m'galimoto pafunika kupeza mafayilo osakhoma. Koperani kaye foda yonse pamalo ena, kenako pitani pa mndandanda wa zimene munagula muzitsitsenso. Nthawi zina nyimbo ikakhala kuti ikadali m'sitolo, imene imabwera tsopano ndi yosakhoma, ndiponso yomveka bwino kuposa yakale, chifukwa zakalezo zinali zofinyidwa kwambiri, za 128 kbps, pamene zatsopano ndi za 256. Njira ina ndi kulembetsa iTunes Match, imene inayamba mu 2011: imayerekeza nyimbo zanu ndi za m'sitolo n'kukulolani kutsitsa zosakhoma, ndipo zimene mwatsitsazo zimakhalabe zanu ngakhale mutasiya kulipira. Kuti mutsimikize, onetsani danga lotchedwa Kind pa mndandanda wa nyimbo. Pamene palembedwa Protected, loko akadalipo. Pamene palembedwa Purchased kapena Matched, wachoka.

Padzatsala zina zimene zinachotsedwa m'sitolo. Zimenezo njira yake ndi yakale ija, yomwe malamulo a sitoloyo ankalola kuyambira pachiyambi: kuziwotcha pa CD yomvetsera, n'kuzikoperanso kuchokera pa CD kubwerera mu kompyuta. Ndi ntchito yotopetsa, ndisakunamizeni. CD imodzi imalowa mphindi pafupifupi 80, ndiye kuti nyimbo makumi awiri kapena kuchepera, ndipo kawirikawiri mayina a nyimbo ndi oyimba amatayika, mumakhala mukulembanso ndi manja usiku wonse. Pokoperanso sankhani FLAC kapena ALAC, mitundu ya fayilo imene sitaya kanthu pa mawu, ngati malo muli nawo. Mukasankha mp3 mukhala mukufinya nyimbo yofinyidwa kale, ngati kujambula fotokope kuchokera pa fotokope inzake. M'galimoto, injini ikulira, mwina simungamve kusiyana, koma pa mahedifoni abwino zinganga ndi mawu okwera zimayamba kumveka ngati zili m'madzi.

Za wma ndilibe uthenga wabwino. Masitolo ambiri amene ankazigulitsa anatseka, ndipo Windows yamasiku ano inasiya kusamala za loko wakale uja. Mwayi umene ulipo ndi umodzi: ngati kompyuta imene munagulira ikadali penapake m'kabati ndipo ikuyaka, makiyi angakhale akadali momwemo. Musaiikemo Windows mwatsopano, musasinthe zida zam'kati, chifukwa kiyi amazindikira kompyuta ndi zida zake. Iyatseni, yesani nyimbo imodzi, ikalira wotchani zonse pa CD tsiku lomwelo ngati layisensi yake ikulola. Ngati kompyutayo kulibe, lembani mayina a nyimbo zimene mtima ukuzifunadi muzigulenso zosakhoma. Ndikudziwa kuti kulipira kawiri kumawawa.

Mudzaona pa intaneti mapulogalamu olonjeza kuthyola maloko amenewa. Ambiri amangojambula mawu nyimbo ikamalira, ena amabwera ndi mavairasi, ndipo pa za malamulo zimadalira dziko limene muli. Pangano la mu 1996 la WIPO, bungwe la mayiko loona za umwini wa zopeka, linauza mayiko olisainira kuti ateteze maloko otere m'malamulo awo. America inatero mu 1998 ndi lamulo lotchedwa DMCA, mayiko a European Union anatsatira mu 2001. Pansi pa malamulo ngati amenewa kuthyola loko kungakhale mlandu pakokha, ngakhale nyimboyo munalipira. Ngakhale kukopa wamba nkhani yake si yofanana ponseponse: ku Britain boma linaloleza mu 2014 kuti munthu azikopa nyimbo zake zogula pofuna kumvera yekha, koma khothi linathetsa chilolezocho mu 2015. N'chifukwa chake ndakusonyezani njira zimene sitolo yeniyeniyo inatsegula.

Nkhani ya mwana wanu ndi ina, ndipo pamenepa sindingaimbe mlandu kampani. Kulipira pamwezi pa Spotify, Apple Music ndi anzawo ndi lendi. Mawu akuti download amasocheretsa, chifukwa fayilo imalowadi mu foni n'kudya malo, koma ndi yokhoma ndipo imalira m'pulogalamu yomweyo basi. Pa Spotify, mwachitsanzo, mumaloledwa kutsitsa nyimbo 10,000 pa chipangizo chilichonse, zipangizo mpaka zisanu, ndipo muyenera kulumikiza intaneti kamodzi pa masiku 30 kuti seva ione ngati mukulipirabe. Lendi ikatha, khomo limatsekedwa. Akadzayambiranso kulipira, mindandanda yake mwina adzaipeza, kupatula nyimbo zimene eni ake anazichotsa pakatipa. Ndiye DRM sinafe mu 2009 ayi, inangosamukira kumene anthu ambiri akumvera nyimbo lero. Kusiyana kwake n'kwakuti pa lendi palibe amene ananamizidwa kuti wagula. Ku California, ku America, anafika pokhazikitsa lamulo, loyamba kugwira ntchito mu January 2025, loletsa sitolo kulemba kuti gulani pa katundu wa pa intaneti osanena momveka kuti ndi layisensi chabe, pokhapokha ngati ndi fayilo yoti mukatsitsa sangakulandeninso. Lamulo limenelo likanakhalapo mu 2006, funso lanuli mwina silikanabadwa.

Kugawira mwana: fayilo ikakhala yosakhoma sizitanthauza kuti ndi yaulere. Umwini wa nyimbo ukadali wa woipeka ndi woijambula, ndipo chilolezo chanu ndi chomvera inuyo. Kuliza m'nyumba banja lonse likumva palibe vuto. Kwa a Apple pali njira yovomerezeka yotchedwa Family Sharing, imene imalola anthu mpaka asanu ndi mmodzi a m'banja kugawana zogula. Dziwaninso kuti mafayilo osakhoma a iTunes amakhala ndi dzina lanu ndi imelo ya akaunti zolembedwa m'kati mwake. Sizimaletsa kulira, koma fayiloyo ikayenda m'manja mwa anthu mpaka kukafika pa intaneti, imapita itanyamula dzina lanu. Ndipo pali chinthu chimene ambiri saganizira: ndondomeko ya Apple yosankhiratu munthu wodzatenga za mu akaunti mwini atamwalira imapereka zithunzi ndi zolemba, koma nyimbo ndi mafilimu ogula sizilowamo. Chimbale cha m'manja chimatsala pa shelefu ana n'kuchipeza, pamene chilolezo chimatha ndi mwini wake.

Kugulitsa ndiye iwalani. Kampani ina ya ku America, ReDigi, inayesa kutsegula msika wa nyimbo za kaunjika zogulidwa pa iTunes, ikunena kuti imasamutsa fayilo n'kuifufuta kwa wogulitsa. Kampani yojambula nyimbo ya Capitol Records inaisumira. Khothi la ku New York linagamula mu 2013, ndipo khothi la apilo linagwirizana nalo mu 2018, kuti kusamutsa fayilo pa intaneti n'kupanga kope yatsopano, chinthu chimene mwini nyimbo yekha ndi amene angaloleze. CD yakale mungagulitse, fayilo ayi.

Pogula mtsogolomu funsani funso limodzi musanalipire: kodi ndilandira fayilo yanji, ndipo ingalire popanda pulogalamu ya sitoloyi? Yankho likakhala mp3, m4a kapena FLAC, monga zimakhalira pa Bandcamp, Qobuz kapena sitolo ya iTunes yamasiku ano, gulani, ndipo tsitsani tsiku lomwelo. Musadalire zoti mudzatsitsa mukadzafuna. Google Play Music inkagulitsa mp3 zosakhoma, koma itatsekedwa kumapeto kwa 2020, amene sanatsitse kapena kusamutsa nyimbo zawo pofika February 2021 anazitaya, popanda loko aliyense kukhudzidwa.

Hard drive yanuyo, ngati ndi yomwe ija ya mu 2008, yakalamba kuposa mmene zambiri zimakhalira. Musanayambe za mapasiwedi ndi ma CD, lero lomwe koperani foda yonse pa ina yatsopano, kuphatikizapo za wma zimene zikukanazo.